Mukasekedwa za thupi, musadzilange ndi njala

Nyengo ino ndakumana ndi anthu angapo onenepa kwambiri amene akulakwitsa chinthu chimodzimodzi, ndipo kunena zoona chanditopetsa. Munthu akasekedwa za thupi lake, kapena akakwera pasikelo n'kupeza kuti makilogalamu sanatsike, amalumbira kuti mawa salawa kanthu. Mawalo amakhaladi ndi njala, m'mawa osadya, masana madzi okha. Pofika madzulo mutu uli zweee, mtima uli m'mwamba, amadya za tsiku lonse nthawi imodzi n'kukagona akudzitukwana. Kukacha ayambiranso.

Chimene saona n'chakuti akulimbana ndi nkhawa, koma chikwapu akukwapula nacho mimba. Nkhawa ikakhalitsa, tiziwalo tokhala pamwamba pa impso timatulutsa homoni (timadzi ta m'thupi towongolera mmene thupi limagwirira ntchito) ya cortisol yochuluka. Homoni imeneyi imakulitsa chilakolako cha zotsekemera ndi zamafuta, ndiponso imathandiza kuti mafuta aunjikane pamimba, malo oipa kwambiri pa nkhani ya matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Ndiye onjezani njala pamenepo. Wogona atakhuta mopitirira, uku akudzimvera chisoni, tulo take timakhala todukizadukiza, ndipo tulo tikachepa homoni ya njala yotchedwa ghrelin imakwera pomwe ya kukhuta, leptin, imatsika. Amadzuka ali ndi njala yoposa ya dzulo. Pakapita masabata amayamba kubisala, kudyera kuseri, kuzemba kuchipatala poopa sikelo. Shuga akukwera, iye osadziwa.

Mlimi wina, bambo wojintcha ndithu, anandiuza kuti ankapita kumunda osadya chifukwa anzake ankamufunsa kuti mimbayo ili ndi miyezi ingati. Tsiku lina anachita chizungulire khasu lili m'manja, mzere osautsiriza. Pondifotokozera anaseka n'kunena kuti, "Alangizi, ng'ombe yanga ndikaimana msipu masana imathyola khola usiku, nanga ine ndimaganiza kuti ndine wosiyana nayo?" Ine ndinalibe choonjezera.

Ndipo inu achibale amene mumati tikumuseka dala kuti achite manyazi achepe thupi, musiye. Chizolowezi chimenechi n'chakale ndipo sichichepetsa munthu, chimangomuthamangitsira kuchipinda ndi mbale. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linati mu 2022 munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse anali wonenepa mopitirira muyezo. Onsewo ndi aulesi?

Zochita ndinene mwachidule, poti zambiri mukuzidziwa. Idyani pa nthawi yake, m'mawa musadumphe. Chilakolako chikakugwirani mutangokhumudwa, dikirani pang'ono, tulukani panja, pumani mozama kangapo, mudzifunse ngati ili njala kapena ndi mawu aja munauzidwa. Pezani munthu mmodzi wosaseka woti muzimuuza. Yendani ndawala mphindi 150 pa sabata, gonani maola osachepera 7, ndipo sikelo kamodzi pa sabata n'kokwanira. Mukadya mopitirira lero, mawa idyani monga mwa masiku onse, osabwezera ndi njala. Musathamangire kuchotsa theka la thupi, pakuti kutsika ndi makilogalamu 5 mpaka 10 pa 100 alionse kumathandiza kale shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Chisoni chikapitirira masabata awiri, tulo n'kumasowa, kapena mukayamba kudzisanzitsa mukatha kudya, pitani mukaonane ndi achipatala sabata yomweyo.