CD ya Debian yomwe inkangoimira panjira

Kompyuta ya achimwene ku Chinamwali ndi yakale zedi, ya 32-bit, ndipo siyamba kuchokera pa flash. Ndinkafuna kuikamo sisitimu yatsopano yoyendetsera kompyuta, ndiye njira inali ya CD basi. Ndinasankha Debian 12, sisitimu ya Linux, popeza ndi yaulere komanso ili ndi mtundu wa makina otere. Fayilo yake ya netinst, yaing'ono yomwe imatenga mapulogalamu ena pa intaneti poika, imakwana pa CD-R ya 700 MB.

CD inkayamba bwinobwino, koma ikafika pokopera mafayilo, mkati munkangomveka kuti kwe kwe kwe, kenako uthenga woti yalephera kuwerenga. Ndinapukuta CD, ndinasintha chingwe cha drive, sizinathandize. Ndinagula ina mumsika wa Zomba n'kukoperanso, zomwezo.

Ndinabwerera ku fayilo ya ISO, ya netinst ija yomwe ndinkalemba pa CD. Pa laputopu yanga ndinalemba sha256sum, lamulo lomwe limatulutsa manambala ozindikiritsa fayilo, ndi dzina la fayilo, n'kufanizira manambalawo ndi a mu SHA256SUMS, mndandanda wa manambala olondola wochokera ku Debian. Anafanana, kutanthauza kuti fayilo inalibe vuto.

Vuto linali liwiro. Brasero, pulogalamu yolembera ma CD, inkalemba CD pa liwiro lapamwamba, ndipo diso la drive yakale, lotopa komanso lafumbi, limavutika kuwerenga CD yolembedwa mothamanga chonchi. Pa CD yachitatu ndinasankha liwiro lotsikitsitsa, n'kudikira mofatsa. Ndisanayambe kuika, ndinagwiritsa ntchito njira yoyeza CD yomwe ili mu menyu ya Debian, ndipo sinapeze cholakwika. Apa musadumphepo, ndikanayamba ndi zimenezi sindikanataya ma CD awiri.

Netinst imafuna intaneti, choncho ndinalumikiza foni pa USB. Bando gulani yokwanira, yanga inatsala pang'ono kutha.