Kukonza nkhani ya Byllis mu insaikulopediya

Mwafunsa poyambira kukonza nkhani ya Byllis mu insaikulopediya, popeza nkhani ya mzinda wakalewu yasokonekera: za Aroma zili pamwamba, za makoma zangomwazikana paliponse.

Musanafufute kalikonse, ikopereni yonse pambali. Kenako konzani ndime yoyamba, inene mwachidule kuti Byllis ali ku Albania, paphiri loyang'ana mtsinje wa Vjosa pafupi ndi mudzi wa Hekal, m'dera la mtundu wakale wa anthu otchedwa Bylliones.

Mukatero, mbiri iyende motsatira nthawi: kumangidwa kwa mzinda m'zaka za m'ma 300 BC, ulamuliro wa Aroma, kenako matchalitchi ndi khoma latsopano la m'masiku a Justinian, mfumu ya ufumu wa Byzantium. Pa chiyambi cha mzinda ndiye pofunika kudekha. Mlembi wakale Stephanus wa ku Byzantium amati unakhazikitsidwa ndi Neoptolemus, ngwazi ya m'nthano za Agiriki. Imeneyo ndi nthano, ilembeni ngati nthano ndipo mutchule mwini mawuwo. Akatswiri akasiyana maganizo pa zoti mzindawu unali wa Agiriki kapena wa Ailiriya (anthu akale a m'derali), ikani mbali zonse ziwiri, musagamule nokha.

Bwalo la zisudzo ndi zomanga zina zikhale pamutu wakewake, chimodzimodzinso ntchito yofukula zakale ya akatswiri Neritan Ceka ndi Skënder Muçaj.

Pomaliza yang'anani kalembedwe ka dzina. "Bylis" ya Chialubaniya itchuleni kamodzi kumayambiriro, kwina konse mulembe Byllis.