Momwe mungakankhire boma kuti lisamale phunziro la Social Studies m'sukulu zathu

Nthawi ya kampeni ikafika, tcherani khutu ku zimene anthu amapempha kwa ofuna uphungu: bokosi la maliro, galimoto yotengera odwala kuchipatala, mpira ndi yunifolomu ya timu ya m'mudzi. Ndi ochepa amene amafunsa kuti munthuyo akavota bwanji lamulo likadzabwera m'Nyumba ya Malamulo, kapena amene amadziwa kuti nkhani ya mjigo ndi mlatho wa pamudzi imayambira kwa khansala ndi ku khonsolo. Anthuwa si opusa ayi. Ambiri anadutsa m'kalasi momwe zimenezi zinayenera kuphunzitsidwa, koma anangoloweza kuti boma lili ndi nthambi zitatu, kulemba mayeso, n'kuiwala.

Ku pulayimale phunziroli limatchedwa Social and Environmental Sciences, ndipo ku sekondale kuli Social Studies, pambali pa History ndi Geography. M'menemo ndi momwe mwana amakumana ndi mbiri ya dziko lake, mapu, malamulo, ufulu ndi udindo wake, chilengedwe, komanso miyambo ya mitundu ina. Pa pepala phunziroli lilipo, ndipo limalembedwa pa mayeso a MANEB. Chosowa ndi chisamaliro: mabuku, zipangizo, aphunzitsi osulidwa bwino, ndi ulemu wofanana ndi umene timapereka ku masamu, Chingerezi ndi sayansi. Zimenezi sizibwera chifukwa chodandaula pa WhatsApp. Zimabwera pamene zalowa mu ndondomeko ndi mu bajeti, ndipo njira yake ndi iyi.

1. Yambani mwaona ndi maso anu

Musanalembe kalata iliyonse, pitani pasukulu ya kwanu. Kapempheni bwinobwino kwa ahedi, makamaka kudzera mwa wapampando wa PTA kapena wa komiti ya sukulu, kuti mukhale nawo pa phunziro limodzi la Sitandade 6 kapena 7. Khalani kumbuyo ndipo penyani. Kodi ana angati akugawana buku limodzi? Kodi pakhoma pali mapu a Malawi, kapena mphunzitsi akuchita kujambula nyanja ndi choko pabolodi, ana n'kumakopera chinthu chooneka ngati chinangwa? Kodi mwana akumafunsa funso, kapena ola lonse likutha ndi kukopera manotsi?

Onaninso chilankhulo. Kuyambira Sitandade 5 mabuku ali m'Chingerezi, ndipo mwana amene akulimbanabe ndi chilankhulocho amatha kutchula mawu onena za ufulu wa ana osadziwa kuti akunena za iye mwini. Mukatuluka, mufunseni mwana mmodzi kapena awiri m'Chichewa kuti khansala wa dera lawo amagwira ntchito yanji. Yankho lake likuuzani zambiri kuposa malikisi a pa lipoti.

Lembani zonse m'kope: dzina la sukulu, tsiku, kalasi, chiwerengero cha ana, chiwerengero cha mabuku. Ngati mungathe, chitani chimodzimodzi pa sukulu zitatu kapena zinayi za m'zoni yanu. Mayina a aphunzitsi musawalembe. Iwo ndi ogwira ntchito m'boma, ndipo sibwino kuti dandaulo lanu lisanduke mlandu wa munthu amene akuyesetsa ndi zochepa zimene ali nazo.

2. Sankhani chinthu chimodzi

Apa ndi pamene ambiri amatayikira. Kalata yonena kuti "boma liganizire maphunziro a Social Studies" palibe amene angaiyankhe, chifukwa siyikuuza munthu aliyense chochita. Pemphani chinthu chooneka ndi chowerengeka: mapu a Malawi ndi a Africa m'kalasi iliyonse ya Sitandade 5 mpaka 8 m'zoni yanu, maphunziro a aphunzitsi a phunziroli ku TDC (malo a m'zoni ophunzitsirako aphunzitsi) kamodzi pa teremu, buku la Malamulo Oyendetsera Dziko mu laibulale ya CDSS iliyonse ya m'boma lanu, kapena kuti mbiri ya dera lanu ilowe m'silabasi ikamadzaunikidwanso. Chimodzi chikatheka, chachiwiri chimapepuka chifukwa akuluakulu amakhala akukudziwani kale.

3. Dziwani khomo loyenera kugogoda

Chinthu chilichonse chili ndi mwini wake, ndipo kugogoda khomo lolakwika kumatha chaka chathunthu.

Zogula zing'onozing'ono monga mapu, matchati ndi ulendo wokaona malo zimatha kuchitika pasukulu pomwepo. Sukulu za pulayimale zimalandira ndalama za SIG, zomwe boma limapereka zotukulira sukulu, ndipo ndalamazo zimatsata pulani yotukulira sukulu imene ahedi, komiti ya sukulu, PTA ndi anthu a m'mudzi amakonzera limodzi. Ngati mapu sanalembedwe mu pulaniyo, sagulidwa. Choncho funsani tsiku la msonkhano wokonza pulani, mukakhalepo, ndipo muonetsetse kuti mlembi walemba pempho lanu.

Za kaphunzitsidwe ndi maphunziro owonjezera a aphunzitsi zimapita kwa a PEA, alangizi a maphunziro a pulayimale, amene amayang'anira zoni kuchokera ku TDC. Pamwamba pawo pali ofesi ya maphunziro ya boma lanu, imene ambiri timangoitcha kwa a DEM. Chiyambire ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998, sukulu za pulayimale zili m'manja mwa makhonsolo, ndipo khonsolo imakhala ndi komiti ya makhansala yoona za maphunziro. Njira ya m'mudzi yopitira kumeneko ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), kenako ya dera la mfumu yaikulu (ADC). Khansala wanu ali ndi mpando kumeneko, ndiye musamulambalale.

Zolembedwa m'silabasi ndi m'mabuku si za a DEM. Mwini wake ndi Malawi Institute of Education ku Domasi m'boma la Zomba, pansi pa Unduna wa Zamaphunziro ku Capital Hill. Silabasi simasintha chaka ndi chaka. Ya ku pulayimale yotchedwa PCAR inayamba kulowa m'makalasi mu 2007, ndipo ya ku sekondale inasinthidwa mu 2015. Ikamaunikidwa, a MIE amafunsa maganizo kwa magulu osiyanasiyana, ndipo amene amamvedwa ndi omwe afika ndi zolemba zokonzeka kale.

Mafunso a mayeso ndi a MANEB, nawonso ku Zomba. Khomo limeneli anthu amaliiwala, koma ineyo ndimaliona kuti ndi lalikulu kwambiri. Mphunzitsi amaphunzitsa zimene zimabwera pa mayeso. Ngati mafunso ali ongofuna kutchula chaka ndi dzina, ana aziloweza basi. Ngati funso likufuna mwana afotokoze zimene angachite mfumu itagulitsa malo a sukulu, kalasi yonse imasintha kaphunziridwe. Ndipo za kasulidwe ka aphunzitsi zimakhudza makoleji a aphunzitsi a pulayimale (ma TTC) monga a Kasungu, Karonga, Machinga ndi Blantyre, komanso makoleji a Domasi ndi Nalikule omwe amasula aphunzitsi a sekondale.

4. Tsamirani pa lamulo

Simukupempha chifundo. Gawo 25 la Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994 limapereka ufulu wa maphunziro kwa aliyense. Koma gawo limene lingakuthandizeni kwambiri ndi 13, pomwe boma linadzimanga lokha kuti lidzapereka chuma chokwanira ku maphunziro, ndipo mwa zolinga zake pali kulimbikitsa umodzi ndi kuthetsa kusalolerana pa ndale, chipembedzo ndi mitundu. Funsani mwaulemu kuti ntchito imeneyi ikugwiridwa ndi phunziro liti ngati si limeneli. Masomphenya a Malawi 2063, omwe anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, amakambanso za kusintha kaganizidwe. Kaganizidwe kamaumbidwa munthu ali mwana, m'mera mpoyamba.

Ngati mukufuna manambala a boma, monga mabuku angati a phunziroli anafika m'boma lanu kapena aphunzitsi angati a Social Studies ali m'ma CDSS, gwiritsani ntchito lamulo lopezera nkhani la Access to Information, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Lembani pempho kwa ofisala woona zopereka nkhani ku ofesiyo, sungani kope lodindidwa, ndipo akapanda kuyankha kadandauleni ku Malawi Human Rights Commission, yomwe inapatsidwa udindo wolondoloza lamuloli.

Bweretsaninso zitsanzo zimene aliyense akuzikumbukira. Pa 3 Febuluwale 2020 khoti linafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, ndipo anthu anavotanso pa 23 Juni chaka chomwecho. Kodi mwana wa Fomu 2 angafotokoze chifukwa chimene oweruza ali ndi mphamvu yotere? Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu oposa 1,000 kuchigawo cha kummwera, ndipo matope ochokera m'phiri la Soche anakwirira nyumba ku Chilobwe. Kudula mitengo, kumanga m'mbali mwa phiri, kumvera chenjezo la zanyengo, zonsezi ndi nkhani za phunziro lomweli. Amene amati ndi phunziro la ana olephera sayansi akaganize za zimenezi.

5. Musayende nokha

Mutu umodzi susenza denga. Yambani ndi omwe ali pafupi: PTA, amayi a mother group, a mipingo ndi a mizikiti omwe ali eni sukulu zambiri, aphunzitsi opuma, ndi amfumu. Kenako fikirani mabungwe odziwa njira za ku Lilongwe. Civil Society Education Coalition imalondoloza bajeti ya maphunziro. Teachers Union of Malawi ndi pakamwa pa aphunzitsi. NICE, yomwe inayamba mu 1999, ili ndi maofesi m'maboma ndipo ntchito yake ndi yophunzitsa anthu za ufulu ndi udindo, choncho nkhani yanu ndi yawonso.

6. Lembani tsamba limodzi, mukalipereke pamanja

Kalata ikhale yaifupi. Ndime yoyamba inene kuti ndinu ndani. Yachiwiri inene zimene munaona, ndi masiku ndi manambala a m'kope lija: pa sukulu yakuti, ana akuti, mabuku akuti, mapu palibe. Yachitatu inene chimene mukupempha, kwa yani, ndipo pofika liti. Pansi asayine anthu enieni ndi maudindo awo, amfumu adindepo chidindo chawo. Ngati ndi yopita ku unduna kapena ku MIE ilembeni m'Chingerezi, koma muyambe mwaiwerenga m'Chichewa pamsonkhano kuti aliyense wosayina adziwe chimene akusayinira.

Pokaipereka pitani anthu atatu kapena anayi, osati chigulu. Lonjeranani bwino, lankhulani mwachidule, ndipo musanatuluke funsani kuti, "Bwana, tibwerenso liti kudzamva yankho?" Tsiku limenelo lilembeni pamaso pawo.

7. Gwirani phungu pa ntchito yake yeniyeni

Phungu angathe kufunsa nduna funso m'Nyumba ya Malamulo, angathe kukapereka chikalata cha madandaulo anu, ndipo angathe kutengera nkhaniyi ku komiti ya aphungu yoona za maphunziro. Mulembereni funsolo inu nomwe, lalifupi ndi lolunjika, mwachitsanzo lofuna kudziwa ndalama zimene zaikidwa zogulira mabuku ndi mapu a phunziroli chaka chino. Yankho la nduna limalembedwa mu Hansard, buku la zokambidwa m'Nyumba ya Malamulo, ndipo mawa mungathe kulitulutsa ngati umboni.

Samalani nthawi. Kuyambira 2022 chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo. Nduna ya zachuma imamva maganizo a anthu bajeti isanapite ku Nyumba ya Malamulo, ndipo makhonsolo amakonza mabajeti awo miyezi ingapo zisanafike pamenepo. Pempho lofika mu Meyi limadikira chaka china. Konzekani mvula isanayambe.

8. Lankhulani pa wailesi, koma chipani chisiyeni kunyumba

Mawailesi a m'madera monga Dzimwe ku Mangochi, Nkhotakota ndi Mzimba amafuna nkhani za kwawo, ndipo pulogalamu yoimba foni imafika kwa makolo amene sangabwere kumsonkhano. Koma chenjerani. Phunziroli limakhudza ulamuliro wa chipani chimodzi, kalata ya mabishopu a Katolika ya pa 8 Malichi 1992, referendamu ya pa 14 Juni 1993, ndi zisankho zonse zotsatira. Anthu akangoganiza kuti mwatumidwa ndi chipani, zitseko zitsekeka, ndipo aphunzitsi ayamba kudumpha mitu imeneyi chifukwa cha mantha. Pamisonkhano yanu pasapezeke nsalu kapena tisheti ya chipani, ndipo mu komiti yanu mukhale anthu a mbali zonse. Chimene mukufuna n'chakuti mwana adziwe zimene zinachitika ndi kuphunzira kufunsa, osati kumuuza woti adzamuvotere.

9. Bwereraninso, ndipo onetsani kuti n'zotheka

Tsiku lija likakwana, pitani. Mukapeza bwana ali ku msonkhano, siyani kalata yokumbutsa ndi kope la yoyamba ija. Anthu omwe anasayina muziwauza zonse, ngakhale yankho litakhala loti ndalama palibe, chifukwa gulu limabalalika likakhala mumdima.

Podikira yankho, chitani zimene sizifuna chilolezo cha ku Capital Hill, ndipo muzijambule kuti zikhale umboni. Sukulu za ku Chiradzulu zili pafupi ndi mishoni ya PIM ku Mbombwe, komwe John Chilembwe anayambira nkhondo yake mu Januwale 1915. Za ku Dedza zili ndi zojambula za m'mapanga a Chongoni, zomwe UNESCO inazilemba mu 2006 kukhala chuma cha dziko lonse. Ku Nkhata Bay kuli malo okumbukira anthu omwe anaphedwa pa 3 Malichi 1959, ndipo ku Karonga kuli nyumba yosungira zakale. Kumene kulibe ndalama ya galimoto, itanani agogo amene anavota mu 1993 kuti adzafotokozere ana za nyali ndi tambala wakuda, zizindikiro za pa referendamu ija, kapena pemphani kwa a DC kuti kalasi imodzi ikakhale nawo pa msonkhano wa khonsolo yonse. Mukamaliza, lembani lipoti la tsamba limodzi lonena za ndalama zimene zinalowa ndi zimene ana analemba atabwerako, mulipereke kwa a PEA ndi kwa khansala, ndipo mupemphe kuti ulendo wotere ulowe mu pulani ya zoni yonse ya chaka chamawa.