Sikuta yakale ikafooka pa zitunda za Joni, yambirani kwa lamba ndi marola

Abale anga amene mukudyera sikuta muno mu Joni, kaya mumaperekera zakudya za Uber Eats ndi Mr D, kaya mumangokwera popita kuntchito, dandaulo limene ndimamva kawirikawiri ndi limodzi: njinga yatha mphamvu. Ponyamuka pa maloboti imanjenjemera. Ikafika pa Munro Drive ku Houghton kapena pokwera ku Northcliff, injini imalira koma liwiro palibe. Ambiri akaona zimenezi amathamangira kukaphwasulitsa injini, ena amagula zipangizo za mpikisano zimene aziona pa Facebook. Dekhani kaye. Nthawi zambiri vuto limakhala kumanzere kwa njinga, kuseri kwa chivindikiro chachitali chimene chimabisa lamba, ndipo mutha kulithetsa nokha Loweruka limodzi.

Ndikunena makamaka za masikuta a injini ya GY6 ya 125cc ndi 150cc, imene mumaipeza m'njinga zambiri za Big Boy, Gomoto ndi Jonway. Ang'onoang'ono a 50cc amayenda mofananamo, kusiyana kwake ndi miyezo.

Sikuta ilibe magiya oponda ndi phazi. Kutsogolo, pa shafti ya injini, pali mbale ziwiri zoyang'anizana, ndipo imodzi mwa izo ndi variator. M'kati mwa variator muli marola asanu ndi limodzi, timawilo tating'ono tolemera togubuduzika m'njira zake. Injini ikamazungulira mwachangu, marolawo amathawira kunja n'kukankha mbale, ndiye lamba amafinyika n'kukwera m'mwamba. Kumbuyo kuli mbale zina ziwiri zopanikizidwa ndi sipuling'i yaikulu imene amakaniko amati contra. Lamba akakwera kutsogolo, kumbuyo amatsika, ndiko kusintha giya kwa sikuta. Pamwamba pa mbale za kumbuyozo pali kilatchi ya mapadi atatu, iliyonse ndi kasipuling'i kake, ndipo mapadiwo akatambasuka amagwira mbale yachitsulo yotchedwa belu, imene imayendetsa tayala. Choncho kutchuna sikuta ndi kuweruza mkangano wa pakati pa marola ndi sipuling'i ya contra. Marola akapambana msanga, njinga imalowa giya yaikulu injini isanapeze mphamvu. Sipuling'i ikapambana kwambiri, injini imangokuwa mu giya yaing'ono.

Tsono pali chinthu chimodzi chimene mzinda uno umawonjezera. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Lilongwe ndi Blantyre zili cha m'ma 1,050. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a mphamvu imene ikanakhala nayo ku Durban. Marola amene njinga inabwera nawo anasankhidwira injini ya mphamvu zake zonse. Pamwamba pa izo onjezani zaka za njingayo, bokosi la kumbuyo ndi katundu wake. N'chifukwa chake marola opepukirapo pang'ono amathandiza kuno kuposa kwina. Koma tisanafike pamenepo, tiyambe ndi kutsuka ndi kuyeza, pakuti njinga yakuda m'kati situnika, zivute zitani.

Imikani sikuta pa sitandi yapakati, injini itazizira. Masulani mabawuti a chivindikiro ndipo muwandandalike pa katoni monga mmene analili, chifukwa ena ndi aatali, ena aafupi. Mukatsegula mupeza fumbi lakuda, la lamba ndi la mapadi. Chonde musaliuzire ndi pakamwa. Mapadi ena akale amakhala ndi asbestos, ndipo fumbi lake limawononga mapapo. Pukutani ndi kansalu konyowa, muvale chotseka kumphuno.

Manati awiri, ya variator ndi ya belu, amafuna soketi, nthawi zambiri ya 17. Kuti mbale isazungulire pomasula, pali chitsulo chake chogwirira, chimene chimagulitsidwa m'mashopu a masipeya a njinga zamoto. Ngati mumakhala ambiri pa yadi imodzi ku Rosettenville kapena ku Yeoville, sonkhani mugule chimodzi muzibwerekana. Chimene ndikukuletsani ndi kulowetsa sikuludiraiva pakati pa mapiko a mbale yakunja. Phiko limodzi likathyoka mbaleyo imalemera mbali imodzi, ndipo kugwedezeka kwake kumakadya mabering'i a injini.

Yambani ndi lamba. Pamsana pake pali manambala atatu, monga 842-20-30, 835-20-30 kapena 743-20-30. Yoyamba ndi kutalika kwake m'mamilimita, yachiwiri ndi mulifupi mwake, yachitatu ndi kupendekeka kwa m'mbali mwake. A 50cc ambiri amavala 669-18-30 kapena 729-18-30. Jambulani manambalawo pa foni musanapite kushopu, chifukwa malamba amenewa amaoneka ofanana ndi maso koma salowana. Yezani mulifupi. Lamba wa 20 akaperepeseka n'kufika pa 19, watha, ngakhale akuoneka wabwino. Milimita imodzi ikumveka yochepa, koma lamba wowonda sakwera mpaka pamwamba pa mbale, ndipo liwiro lanu lapamwamba limathera pamenepo. Mupindeninso muone ngati ali ndi ming'alu pakati pa mano. Lamba woduka mumsewu amakusiyani pomwepo ndi chakudya cha kasitomala chikuzizira m'bokosi, ndiye ngati mukukayika, sinthani. Watsopano akakhala ndi kamuvi, kaloze kumene injini imazungulira.

Kenako tulutsani variator, mutaigwira pamodzi ndi mbale yake yakumbuyo kuti marola asamwazike. Rola wabwino ndi wobulungira ponseponse. Mukamugubuduza pa tebulo n'kumaima pamalo amodzi, ndiye kuti waphwatalala mbali ina, ndipo ameneyo ndiye amachititsa njinga kukakamira pa liwiro lina kenako n'kudumpha. Sinthani onse asanu ndi mmodzi, osati okhawo owonongeka. Onaninso timapulasitiki titatu totsetsereka pa mbale ya kuseri kwa variator ija. Tikatha timalira ngati miyala m'chitini injini ikamayenda pang'onopang'ono. Tsukani njira za marola ndi mankhwala opopera otsukira mabuleki otchedwa brake cleaner ndipo muzisiye zouma. Girizi m'menemo amakoka fumbi la Ogasiti n'kusanduka phala, komanso akadontha pa lamba zonse zimaterereka. Mukapeza oilo m'chipinda chimenechi, silo (kamphira kotchinga oilo) ya kuseri kwa variator kapena ya kumbuyo ikutaya. Konzani imeneyo kaye, apo ayi lamba watsopano awonongeka m'masabata ochepa.

Kunjenjemera ponyamuka kuja kumachokera ku kilatchi. Chotsani belu muyang'ane m'kati mwake. Ikakhala yabuluu kapena yofiirira, inapsa. Mapadi akakhala osalala ndi onyezimira ngati galasi, sakugwira bwino: amagwira, amasiya, amagwiranso, ndiko kugwedezeka kumene mumamva m'chiuno. Tengani sandipepa wapakatikati, cha m'ma 120, mupale mapadi pang'ono mpaka kunyezimirako kuchoke, mupalenso m'kati mwa belu, kenako mutsuke ndi brake cleaner. Chikopa cha padi chikatsala chosakwana mamilimita awiri, gulani kilatchi ina. Belu ya 150cc imakhala mamilimita 125 m'kati ikakhala yatsopano, ya 50cc 107; ikadyeka ndi theka la milimita, kapena ikapindika ndi kutentha, kupala sikuthandizanso.

Chimene chimawotcha kilatchi ndi kayendetsedwe kathu. Ndimaona anyamata ataima pa maloboti a pa chitunda, njinga ataigwira ndi moto m'malo mwa buleki. Masekondi onsewo mapadi amakhala akukhula belu. Gwirani buleki yakumbuyo, moto muusiye, ndipo loboti likatsegula nyamukani motsimikiza kuti kilatchi igwire kamodzi. Kuyenda mokwawa pakati pa mathekisi a mu Bree nakonso kumaitenthetsa, koma kumeneko palibe chochita; kungoti muzitsegula ndi kutsuka pafupipafupi kuposa munthu woyenda misewu yopanda anthu.

Mukabwezera zonse zili zoyera, yendetsani masiku awiri musanagule china chilichonse. Mnyamata wina wa kwathu ku Mangochi anabwera kwa ine ndi 150cc atagula kale masipuling'i ofiira a mpikisano ndi variator yatsopano. Ndinamupempha kuti tizisunge kaye m'thumba. Tinangosintha lamba, amene anali atafika pa 18, ndi marola ophwatalala. Njinga inadzuka tsiku lomwelo, ndipo zogula zija anakazibweza.

Ngati ikadali yaulesi pa chitunda, apa ndiye potchuna. Marola a 125cc ndi 150cc ndi a muyezo wa 18x14, a 50cc ndi 16x13, ndipo amagulitsidwa potengera kulemera kwake m'magalamu. Pezani kasikelo kakang'ono kadijito muyeze amene muli nawo, musangoganizira. Tsitsani galamu imodzi yokha: ngati muli ndi a 14, yesani a 13. Pa 50cc tsitsani theka la galamu. Mutha kusakaniza atatu olemera ndi atatu opepuka, bola muwaike mosinthanasinthana, wolemera, wopepuka, wolemera, kuti mbale isalemere mbali imodzi. Sankhani chitunda chimodzi cha pafupi ndi kwanu, mukwere ndi katundu amene mumanyamula masiku onse, ndipo muziyesera pomwepo nthawi iliyonse. Mvetserani injini. Ikamalira motsika, ngati munthu wosenza thumba lomulemera, marola akadali olemera. Ikamakuwa koma liwiro osawonjezeka, ndipo petulo akutha msanga, mwapitirira, bwererani. Pali kanzeru kena kosalira ndalama: jambulani mzere ndi maka pankhope ya variator kuchokera pakati mpaka m'mphepete, yendetsani pa liwiro lonse, kenako tsegulani. Pamene inki yafufutika ndi pamene lamba wafika. Ikatsala yambiri m'mphepete, lamba sakukwera mokwanira.

Sinthani chinthu chimodzi, yesani, lembani m'kabuku. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukasintha marola, contra ndi masipuling'i a kilatchi tsiku limodzi, njinga ikaipa simudzadziwa cholakwa n'chiti.

Za masipuling'i olembedwa 1000, 1500 ndi 2000 (nambala ikakula, sipuling'i imalimbanso), maganizo anga ndi awa. Contra yakale imafooka, ndipo kuika yatsopano yofanana ndi yoyamba kapena ya 1000 kumathandiza njinga kubwerera msanga ku giya yaing'ono ikakumana ndi chitunda. Yolimba kuposa pamenepo imafinya lamba kwambiri, imawonjezera kutentha, ndipo lamba sakhalitsa. Timasipuling'i ta kilatchi tolimba timachititsa kuti njinga idikire injini ikwere kwambiri isananyamuke. N'zabwino kwa ochita mpikisano. Kwa inu oima ndi kunyamuka tsiku lonse, zimangokudyerani petulo ndi mapadi. Zisiyeni mmene zinabwerera. Ndipo ngati mukumasula nati yaikulu yophwatalala imene imagwira contra, dziwani kuti sipuling'iyo ili ndi mphamvu yoti n'kukuvulazani kumaso. Pondani kilatchi ndi mapazi onse awiri pomaliza kumasula, kapena muitane mnzanu agwire.

Pomanga, finyani mbale za kumbuyo ndi manja kuti lamba alowe pansi pakati pake, kuti kutsogolo akhale wolefuka. Mukamanga nati ya variator lamba atapanika pakati pa mbale, natiyo imaoneka ngati yalimba pomwe sinafike, ndipo ikamasuka mumsewu imadya mano a shafti ya injini. Pamenepo ndalama yake ndi ya kuphwasula injini yonse. Onetsetsani kuti mbale yakunja ndi mawashala ake zakhala bwino pa manowo, zunguzani lamba ndi dzanja pamene mukumanga, ndipo malizani ndi torque wrench, sipanala yoyeza kulimba kwa nati, pa muyezo wa m'buku la njinga yanu, umene pa injini za 125cc ndi 150cc umakhala pakati pa 50 ndi 60 Nm.

Musanatseke chivindikiro, tsukani kasefa ka mpweya wozizira lamba ngati njinga yanu ili nako, ndipo onani kuti kabowo kotulutsira madzi pansi sikanatsekeke, poti mvula ya masana ya Disembala imadzaza misewu m'kanthawi kochepa. Kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi tayala, kuli kabokosi ka magiya kokhala ndi oilo wakewake, amene ambiri sanamusinthepo chigulireni njinga. Amalowa wochepa, wosakwana kapu imodzi, kawirikawiri wa 80W-90. Akatuluka wotuwa ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi. Thirani watsopano, muyende sabata imodzi, musinthenso.