Momwe mungapewere akuba a pa foni mukamagulitsa pa Lizulu

Nyengo ya mbatatesi ikafika pa Lizulu kaya pa Tsangano Turn-off, ogula ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre ambiri sanyamulanso kashi, amangoti "ndikuponyerani pa Airtel Money" kapena pa Mpamba. Palibe cholakwika, kungoti akuba nawonso alowa momwemo, ndipo chomwe amadikira nchoti inu mutanganidwe ndi makasitomala basi.

Choyamba, meseji yokha musaikhulupirire. Munthu atha kulemba yekha meseji yofanana ndendende ndi ya kampani, yoti mwalandira ndalama zakutizakuti, nkuitumiza kuchokera pa foni yake. Onani pamwamba pomwe yachokera, ikakhala nambala wamba ya 099 kapena 088 dziwani kuti ndi yabodza. Ngakhale ioneke bwino bwanji imbani *211# ngati muli pa Airtel, *444# ngati muli pa TNM, muone balansi ndi maso anu. Thumba lisakwere galimoto balansi isanakwere. Wogula wachilungamo sangakwiye ndi zimenezo, koma uja akungoti "mayi fulumirani minibasi ikundisiya" uku akukuonetsani screenshot pa foni yake, ameneyo ndiye muzimukayikira.

Chachiwiri ndi zija za "pepani ndatumiza molakwika, mundibwezereko, mwana ali kuchipatala." Amalankhula mwaulemu mpaka chisoni kukugwirani. Musabweze nokha ayi. Muuzeni aimbe ku kampani, ngati ndalamayo inalowadi iwowo ali ndi njira yawo yobwezera. Chimodzimodzinso mameseji oti mwawina, kapena dzina lanu latuluka pa Mtukula Pakhomo ndiye mutumize kaye kangachepe ka "processing", fufutani.

Tsono nkhani ya PIN, apa mpomwe ambiri timagwera. Wa kampani ya foni kapena wa ku banki sangakufunseni PIN, ngakhalenso kakodi kaja kamabwera pa meseji, olo atatchula dzina lanu lonse ndi mudzi wakwanu. Akayamba zoti akaunti yanu itsekedwa lero ndiye mudine manambala omwe akuuzeni, dulani foni. Chaka chobadwa musachiike ngati PIN, chili pa chiphaso cha unzika chomwe mumapereka paliponse, 1234 ndiye osayerekeza. Ndipo kwa ejenti lembani nokha. Chimandiwawa ine nkuona agogo apereka foni kwa mnyamata wa pa kauntala nkutchula PIN mokweza mzere wonse ukumva, ngati makolo anu amavutika kudina apiteni nawo inuyo kapena muwaphunzitse kunyumba madzulo.

China chomwe ambiri sachilabadira, netiweki ikangozima mwadzidzidzi. Kuno kwathu tinazolowera, msewu wa M1 wadutsa m'malire penipeni ndiye foni nthawi zina imathawira ku netiweki ya ku Mozambique, munthu umangoti ibwerera. Koma anzanu onse a kampani yomweyo ali nayo inu nokha mulibe, mwazimitsa nkuyatsa koma zii, mwina wina watulutsa SIM ina pa nambala yanu kuti akubereni ndalama. Musagone. Bwerekani foni muimbe ku kampani, ndipo ngati nambalayo inalumikizidwa ku banki, monga Mo626 ya National Bank, auzeninso a banki atseke kaye.

Zikachitika kuti akuberani kale, manyazi asakugwireni. Musafufute kalikonse, sungani mameseji onse, nambala ya wakubayo, nthawi yake ndi transaction ID, nambala ija imalembedwa mu meseji ya kampani ndalama zikatumizidwa. Imbani ku kampani pompopompo chifukwa ndalama ikangotapidwa kwa ejenti kuibweza kumavuta, kenako kadandauleni ku polisi ya Dedza kapena Ntcheu, olo pa yuniti yapafupi. Lamulo lilipo, Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016, ndipo kubera anthu pa foni ndi mlandu. PIN ija isintheni tsiku lomwelo, musadikire mpaka tsiku la msika.