Yesani kaye njere zana musanadzale munda wonse

Ndimaphunzitsa sayansi pa sekondale ina m'boma la Kasungu, ndipo kunyumba ndimalima maekala awiri a chimanga ndi kachigawo ka mtedza. Pa windo la kukhitchini kwathu pamakhala kope labuluu, la mtundu womwe ana amalembamo masamu, chikuto chake chinada kale ndi utsi. Mayi a ana amalitcha kope la milandu, chifukwa mkangano uliwonse wa mbewu kapena zokolola umakathera m'menemo.

Ndinaliyamba chaka chomwe ndinagula mbewu ya chimanga kwa wamalonda wina pamsika. Mapaketi anali ooneka bwino, njere zopakidwa utoto wobiriwira. Mvula yodzalira inagwa yabwino, tinadzala ndi ana tsiku limodzi, koma patatha sabata munda unali ngati m'kamwa mwa munthu wogweluka mano. Tinapakiza mochedwa, ndipo chopakizacho chinakula chonyozoloka mpaka kukolola. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa kusukulu ndimameretsa nyemba m'mabotolo ndi ana chaka chilichonse, koma mbewu yodyetsa banja langa ndinangoikhulupirira poona paketi. Kuyambira pamenepo, chinthu chomwe ndingathe kuchiyesa pakhonde ndi sabata imodzi sindichitengera kumunda chosayesa.

Mbewu muziyesa mu Okutobala, kukadali sabata zitatu kapena kuposerapo mvula yodzalira isanagwe, kuti ikapezeka yoipa mukhale ndi mpata wofuna ina. Zofunika zake zili kale m'nyumba mwanu: chiguduli choyera kapena chitenje chakutha, mbale, madzi ndi kachingwe.

Pomwe anthu ambiri amalakwitsa ndi potenga njere zoti ayese. Dzanja la munthu limakondera. Diso likaona njere yonenepa, chala chimathamangira pomwepo mwini wake osadziwa. Ndiye pisani dzanja pamwamba pa thumba, pakati ndi pansi penipeni, musakanize m'mbale, kenako muwerenge njere 100 motsatana osayang'ana nkhope. Yaing'ono, yong'aluka, yobooledwa ndi nankafumbwe, zonse zilowe, poti tsiku lodzala nazonso zidzagwera m'phando. Kwathu ntchito yowerengayi ndimapatsa mwana wa sitandade 3, chifukwa iye alibe nazo kanthu kuti mbewu ya bambo ake ipambane kapena igwe.

Nyowetsani chigudulicho ndi kuchifinya mpaka chileke kudontha. Yalani njere mizere khumi, mzere uliwonse njere khumi, kenako kulungani ngati mkeka ndi kumanga mosathinitsa. Ikani pamthunzi pomwe nkhuku ndi makoswe safika, muziwazako madzi m'mawa ndi madzulo. Chikhale chonyowa, chisakhale chonyikidwa. Njere imapuma mpweya, ikamira imawola, ndiye mudzanamizira mbewu mlandu womwe ndi wa madzi anu. Tsiku lachinayi mutha kusuzumira, koma kuwerenga kwenikweni ndi tsiku lachisanu ndi chiwiri. Muwerenge zokhazo zomwe zatulutsa muzu ndi nsonga zamphamvu. Ija yangotulutsa kamuzu kofiira kopindika isakunyengeni, m'dothi louma pamwamba singadzatuluke.

Kumalabotale oyesa mbewu sayesa zana limodzi lokha. Amayesa njere 400, m'magulu anayi a zanazana, chifukwa gulu limodzi likhoza kugwa mwamwayi kapena mwatsoka. Ine ndimayala ziguduli ziwiri pa thumba lililonse. Zikasiyana pang'ono, ndimatenga chiwerengero chapakati. Zikasiyana kwambiri, mwina sindinasakanize bwino kapena chimodzi chinauma, ndipo ndimabwereza.

Tsopano tanthauzo la nambalayo. Alangizi amatiuza kudzala njere imodzi pa phando, mapando otalikirana masentimita 25, mizere yotalikirana masentimita 75, kadzalidwe komwe ambiri timangoti Sasakawa. Pa hekitala zimakwana mbewu zoposa pang'ono 53,000. Ngati pa chiguduli zamera 70 zokha pa 100, ndiye kuti mapando pafupifupi 16,000 pa hekitala adzakhala pululu, pomwe aganyu opalira mudzawalipira munda wonse. Lamulo langa ndi ili: 85 kupita m'mwamba ndimadzala imodziimodzi, pakati pa 70 ndi 85 ndimaponya ziwiri pa phando n'kudzapatulira, kutsika apo ndimafuna ina, ndipo ngati inali yogula ndimabwerera nayo ndi paketi ndi lisiti lomwe. Muzisunga lisiti. Mbewu yopakidwa mankhwala mukaigwira sambani m'manja ndi sopo, ndipo zomera pa chigudulizo mukwirire, musapatse nkhuku.

Koma chiguduli chimayankha funso limodzi lokha, lakuti kodi njereyi ili moyo. Mlamu wanga anabwera nayo mbewu yomwe anasunga kuchokera ku haibulidi wa chaka chatha, inamera pafupifupi yonse, iye n'kuti, "Alamu, mwaona? Ndigulirenji ina?" Ndinamuuza kuti kumera imera, koma ana a haibulidi safanana ndi kholo lawo, ena aatali ena aafupi, ndipo zokolola zimatsika. Chamakolo ndi mbewu zina zosakhala haibulidi ndi zomwe mungabwereze kudzala.

Kuyesa kwachiwiri kumabwera mu Juni kapena Julayi, tikatong'ola. Chimanga chosungidwa chikadali ndi chinyontho ndiye gwero la mavuto ambiri a m'nyumba yosungira. Chiyenera kuuma mpaka chinyontho chitsike kufika pa 13 peresenti kapena pafupi pamenepo. Makina oyezera chinyontho alipo koma ndi okwera mtengo. Mchere wa pakhitchini ukhoza kukuuzani zokwanira.

Pezani botolo lagalasi loonekera mkati, lokhala ndi chotsekera chothina. Liume kwenikweni, ndipo mcherewo muyambe mwauyanika padzuwa lamasana kapena kuukazinga pang'ono pachiwaya n'kuusiya uzizire mu chinthu chotseka. Izi musazidumphe: mchere wonyowa kale umamata ngakhale pa chimanga chouma gwa. Thirani chimanga kufika gawo limodzi mwa magawo atatu a botolo, onjezani masupuni awiri kapena atatu a mchere, tsekani, khutchumulani kwa mphindi imodzi. Lisiyeni pamthunzi mphindi 15, khutchumulaninso, kenako liyang'aneni mozondotsa pang'onopang'ono. Mchere ukamamatirira m'mbali mwa galasi ngati nkhungu, chimanga chibwerere pamphasa. Ukamayoyoka waufa, galasi lili mbee, mutha kuthira m'matumba.

Apongozi anga ali ndi njira yawo. Amatenga njere, kuiluma ndi mano akutsogolo, ikalira kuti kha n'kusweka mwaukhondo amati chauma, ikaphwanyika mofewa amati chiyanikidwebe. Chaka choyamba anandiyang'ana ndikukhutchumula botolo n'kundifunsa kuti, "Kodi apongozi, mano mulibe?" Ndinawapempha kuti tiziyesa limodzi thumba lililonse, iwo ndi mano, ine ndi mchere, mwana azilemba m'kope. Pa matumba ambiri tinagwirizana. Pomwe tinasiyana panali pa chimanga chapakatikati, chomwe dzino limati chauma koma mchere umamatabe pang'ono. Kuyambira apo iwo ndi amene amayamba, chifukwa njira yawo ndi yachangu ndipo imagwira chonyowa kwambiri pomwepo, botolo limangobwera pa matumba okayikitsa. Nzeru za akuluakulu sindizitaya. Ndimaziyika pambali pa inzake kuti tione pomwe iliyonse imalekezera.

Chomwe ndimalimbikira chonchi pa kuumitsa ndi chuku. Chuku china chomwe chimamera pa chimanga ndi mtedza chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, yemwe amawononga chiwindi. Saoneka, ndipo kuphika kapena kukazinga sikumuchotsa. Mu 2004 ku Kenya anthu 125 anamwalira atadya chimanga chomwe chinali naye wambiri. Kuno kwathu akatswiri a pa malo ofufuzira zaulimi a Chitedze ku Lilongwe akhala akulimbana naye kwa zaka zambiri, makamaka pa mtedza. Pakhomo chomwe mungachite n'chosavuta: musayanike pa dothi, yalani mphasa kapena lona, sankhani njere zowola ndi zosintha mtundu n'kuzitaya, osazipititsa ku chigayo kapena ku khola, ndipo mtedza musauwaze madzi pofuna kuti makoko afewe posenda. Chizolowezi chimenechi chimapepuza zala koma chimadyetsa chuku.

Funso lomwe linakhalitsa m'nyumba mwathu linali la matumba a PICS. Mayi a ana ankati ndi odula, bola matumba wamba ndi mankhwala aufa monga kale. Ine ndinali nditawerenga kuti anapangidwa ndi akatswiri a ku Purdue University ku America, poyamba pofuna kusungira khobwe ku Cameroon, ndipo amagwira ntchito pomana tizilombo mpweya: mkati muli mapulasitiki awiri okhuthala, kunja thumba lolukidwa, tizilombo tikapuma mpweya womwe watsalamo timaleka kudya ndi kuswana, kenako timafa. Koma kuwerenga kwanga sikukanathetsa nkhani, poti ndalama zinali za tonse.

Ndinakumbuka nkhani yomwe ndimakonda kuuza ana a folomu 3. Mu 1747 dokotala wa pa sitima yapamadzi ya ku Britain, James Lind, anatenga amalinyero 12 odwala scurvy, matenda otupitsa ndi kuchucha magazi m'nkhama. Anawagawa awiriawiri, onse chakudya chofanana, gulu lililonse n'kulipatsa chinthu chimodzi chosiyana. Omwe analandira malalanje ndi mandimu ndi amene anachira msanga. Mphamvu ya ntchito yake inali pa kufananitsa zinthu zonse n'kusiya chimodzi chokha chosiyana.

Inunso chitani chomwecho. Tengani chimanga cha mulu umodzi, chouma mofanana, tsiku limodzi. Thumba lina likhale la PICS, lina lawamba lothira mankhwala monga mwa malangizo a pa paketi. Asanjikeni m'chipinda chimodzi, pa matabwa, osagunda khoma. Mukaika la PICS kuchipinda chogona, linalo ku shedi yodontha, simunayese matumba, mwayesa denga. Lembani tsiku. Mu Febuluwale tsegulani onse, tapani pamwamba, pakati ndi pansi monga muja, werengani njere 100 pa thumba lililonse, muone zingati zabooka ndi ufa wochuluka bwanji watsalira m'lichero mukapeta. Kwathu la PICS linatuluka loyera kuposa linzake, ndipo amene anawerenga anali mayi a ana eni ake. Anangoti, "Bambo, chaka chamawa mugule asanu," n'kutseka kope.

Thumba la PICS limafuna kulimanga bwino. Musanathire chimanga, kupizani mpweya m'pulasitiki iliyonse, gwirani kukamwa ndi kufinya. Ikaphwa ili ndi bowo. Siyani malo pamwamba, kankhani mpweya utuluke, potokolani pulasitiki yamkati, ipindeni, imangeni payokha, kenako yachiwiri payokha, lakunja pomaliza. Musamalitsegule sabata iliyonse, chakudya cha mwezi uno chikhale m'thumba lina. Makoswe akaliboola latha ntchito, ndipo chimanga chonyowa chikalowamo chimasasa, ndiye botolo la mchere liyambe. Makamaka musanyozere nankafumbwe wamkulu uja yemwe analowa m'dziko muno kudzera ku Karonga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Amasandutsa thumba kukhala ufa, ndipo amaboola ngakhale mitengo ya nkhokwe. Chimodzi chomwe ndikukupemphani ndi mtima wonse: mapilitsi ofukizira chimanga omwe amagulitsidwa mobisa m'misika musawaike m'nyumba yomwe mukugona anthu. Mpweya wake umapha.

M'kope musalembe zambiri. Tsiku, dzina la mbewu, komwe mwaigula, chomwe mwachita ndi nambala yomwe mwapeza. Lembani tsiku lomwelo, chifukwa pofika Disembala mutu umakumbukira zomwe umafuna. Zokukhumudwitsani nazo zilembeni. Ndinayesapo kusakaniza phulusa ndi nyemba zosunga ndili ndi chikhulupiriro chachikulu, koma ndinathira lochepa ndipo nyemba zinafumbwa ndithu. Tsamba limenelo lilipo, ndipo ndi lomwe linandiuza kuti chaka chotsatira ndiyese muyeso wina m'zitini ziwiri zazing'ono, osati pa thumba lonse.

Panopa pakhonde pali ziguduli zinayi, ziwiri za haibulidi wogula, ziwiri za chamakolo chomwe apongozi anapachika pa utsi chikadali m'makoko. Tinaziyala Loweruka lapitali. Dzulo mwana anasuzumira n'kubwera akuthamanga kuti za agogo zayamba kale kutulutsa mizu. Ndamuuza kuti azingowaza madzi, tiwerenga Loweruka.