Mwana apite ku sukulu wopanda foni, koma muzimvanabe

Mwana wanga wamkazi ali Fomu 3 pa sukulu ina yoyendera kuno ku Mzuzu. Timakhala ku Chibavi, ndipo ine ndimagulitsa tomato ndi anyezi mumsika waukulu, moti ndimadzuka kusanache. Ali Fomu 2 anamulanda foni. Inalira m'chikwama aphunzitsi ali pa bolodi, ndipo woimbayo ndinali ine mayi wake, ndinkafuna kumuuza pomwe ndinasiya makiyi. Foniyo inagona mu ofesi ya ahedi mpaka tsiku lotsekera. Zimene ndikulemba panozi ndi zomwe takhala tikuchita kuyambira nthawi imeneyo.

Yambani ndi kupita nokha ku sukulu kukamva lamulo, musangomvera za mwana. Sukulu zina zimati foni isadutse n'komwe pageti, zina zimalola kuti ikasiyidwe ku ofesi m'mawa n'kukatengedwa poweruka, pomwe za bodingi zambiri zimasecha katundu tsiku lotsegulira. Mukafunse kuti akaipeza amatani nayo, amabweza liti, ndipo amabwezera mwana kapena kholo.

Tsiku lomwelo pemphani nambala ya aphunzitsi a kalasi yake, kapena ya ameteroni ngati ali pa bodingi. Nambala imeneyi muisamale ngati ndalama. Musamafulashe. Ine ndimalemba uthenga waufupi: "Mwadzuka bwanji aphunzitsi, ndine mayi ake a uje wa Fomu 3, chonde mumuuze akaweruka adzere kumsika." Ndimatero pokhapokha nkhani ikakhala yosadikira madzulo, mwina kawiri pa temu. Munthu amene simumutopetsa amakuyankhani msanga tsiku la vuto lenileni.

Nayenso mwana akhale ndi njira yokupezerani. Ndinadabwa kuona kuti mwana wanga, amene amadziwa masamu ondizunguza mutu, sankadziwa nambala yanga pamtima. Tinailemba kuchikuto kwa kope, pamodzi ndi ya amalume ake a ku Luwinga ndi ya mayi oyandikana nafe nyumba, ndipo ndinkamufunsa tikamaphika mpaka analoweza zonse zitatu.

Chimene chinatithandiza kwambiri ndi kukambirana usiku za mawa. Ndinazindikira kuti zambiri zomwe ndinkamuimbira masana zinali zoti ndikanatha kunena dzulo lake. Tsopano tikamaliza kudya timapangana: makiyi akhala kwa ndani, ndiwo akatenge kumsika kapena zilipo, mng'ono wake amutenga ndani. Kuno mvula imatha kuyamba nthawi yoweruka n'kugwa mpaka mdima, ndiye tinagwirizana kuti ikatero asathamangire kunyumba, adikire pasukulu, ikakata akwere kabaza. Ndalama ya kabazayo ndi yapamanja, yopindidwa m'kathumba ka mkati mwa chikwama, chifukwa ya pa Airtel Money kapena Mpamba singamuthandize foni ili kunyumba. Miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi kumada msanga, choncho tinaikanso nthawi: ikakwana 5 koloko asanafike, ndimaimbira aphunzitsi.

Foni ikhale ndi malo ake pakhomo. Yathu imakhala m'kambale pamwamba pa kabati, yozimitsa, ndipo ndimaiona ndi maso ndisanatuluke. Madzulo amaitenga kwa ola limodzi ali pabalaza, chifukwa anzake amatumizirana manotsi ndi mapepala a mayeso akale pa WhatsApp, ndipo zimenezo sindingamumane. Nthawi yogona imalowa kuchipinda kwanga. Masabata oyamba ankanyinyirika kwambiri, n'kumati anzake amabisa zawo m'masokosi. Sindinamukalipire. Ndinamukumbutsa kuti MANEB salola foni m'chipinda cholembera JCE kapena MSCE, ndipo wopezeka nayo amatengedwa kuti akubera mayeso. Dzanja lozolowera kubisa foni tsiku ndi tsiku likhoza kudzaiwala pa tsiku limenelo, zaka 4 n'kupita m'madzi. Zimenezi ndimaziopa kuposa kulandidwa kwa foniyo.

Ikalandidwa, musatume mwana kapena mchimwene wake, ndipo musagule ina mwakabisira, chifukwa mwana amaona kuti inu ndi aphunzitsi simukumwera chikho chimodzi. Pitani nokha, mupereke moni, mumve mbali yawo musanayankhule. Ine ndinavomera kuti wolakwa ndinali ine. Sindinapemphe foni, ndinangopempha simu khadi chifukwa munali ndalama yomwe azakhali ake anatumiza kuchokera ku Karonga yogulira nsapato. Ahedi anaitulutsa pomwepo n'kundipatsa m'manja, foniyo n'kuibwezera m'dirowa.